Kalilole Sasinthanitsa Kumanja ndi Kumanzere

Imani patsogolo pa kalilole, mukweze dzanja lamanja, makamaka ngati lili ndi wotchi kapena mphete. Munthu amene ali mkatimo akwezanso dzanja, koma mukamuyang'anitsitsa muona ngati wakweza lamanzere. Mukatsinzina diso lakumanja, iye atsinzina lakumanzere. Ngati malaya anu ali ndi malemba pachifuwa, malembawo aoneka oyenda chafutambuyo. Zimenezi tinazizolowera kuyambira tili ana, ndipo timangoti kalilole amatembenuza zinthu.

Koma taganizani bwino. Ngati kalilole amasinthanitsa kumanja ndi kumanzere, bwanji sasinthanitsa kumwamba ndi pansi? Mutu wa munthu uja uli kumwamba monga wanu, mapazi ake ali pansi. Kalilole ndi chinthu chafulati, chofanana mbali zonse. Mutamuchotsa pakhoma n'kumupachika cham'mbali kapena chozondoka, chithunzi chanu sichisintha ngakhale pang'ono. Ndiye wadziwa bwanji mbali yoti atembenuze ndi mbali yoti aisiye?

Ena amayankha kuti n'chifukwa chakuti maso athu anakhala wina kumanja wina kumanzere. Tsekani diso limodzi, muona kuti palibe chasintha. Ena amati ndi mphamvu yokokera zinthu pansi. Gonani cham'mbali moyang'ana kalilole: mutu wa chithunzi uli mbali yomwe kuli mutu wanu, dzanja lomwe lili pamwamba ndi lomwe lili pamwamba m'chithunzimo, komabe likuonekabe ngati ndi dzanja linalo. Funsoli lazunguza mitu anthu ophunzira kwa zaka mazanamazana, ndipo ine ndimalikonda chifukwa yankho lake silifuna masamu ovuta. Limangofuna kuti munthu aonetsetse chimene chili pamaso pake, asiye chimene akuganiza kuti akuona.

Tiyambe ndi kuwala kwenikweniko. Timaona chinthu chifukwa kuwala kochokera pa chinthucho kwalowa m'diso. Lero zimenezi zikumveka zachidziwikire, koma akatswiri ambiri akale a ku Greece ankakhulupirira kuti diso ndi limene limatulutsa cheza chokakhudza zinthu. Amene anatsutsa maganizowa ndi umboni wogwirika ndi Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965, yemwe analemba za kuwala ali ku Cairo pakati pa 1011 ndi 1021. Koma lamulo la mmene kuwala kumabwererera kukagunda pamalo osalala linali lodziwika kale iye asanabadwe. Lamulolo ndi lalifupi: mmene kuwala kwapendekekera pofika ndi mmenenso kumapendekekera pochoka. Yerekezani mzere woima njo pankhope ya kalilole. Kuwala kukafika mopendekeka madigiri 30 kuchokera pa mzerewo, kumachoka mopendekeka madigiri 30 mbali inayo. Kukafika molunjika, kumabwerera momwe kwadzera. Mpira ukauponya pansi mopendeketsa umanjanja chimodzimodzi. Hero wa ku Alexandria, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anaonetsa kuti njira imeneyi ndi yaifupi kuposa njira ina iliyonse yochokera pa chinthu, kukagunda pa kalilole, n'kukafika m'diso.

Lamuloli limagwira ntchito pa chinthu chilichonse, ngakhale pa khoma lopaka laimu kapena pa pepala loyera. Pepala loyera limabweza kuwala kochuluka ndithu, nanga bwanji simudziona nkhope papepala? Nkhani yagona pa kusalala. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mafunde a kuwala kumene maso athu amaona ndi aafupi zedi, pakati pa mananomita 400 ndi 700 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi). Tsitsi limodzi la m'mutu ndi lokhuthala kuwirikiza pafupifupi ka 100 kuposa pamenepo. Pepala limene chala chanu chikuti ndi losalala, kwa mafunde ang'ono chonchi lili ngati dziko la mapiri ndi zigwa. Kachigawo kalikonse ka pepalalo kamabweza kuwala motsatira lamulo lija, koma tizigawoto tinapenya kosiyanasiyana, choncho kuwala kumangomwazika. Kochokera pamphuno, pamaso ndi pachibwano kumasakanikirana, n'kutsala kuyera chabe. Pa kalilole mabampu ake ndi aang'ono kuposa mafundewo, motero cheza chilichonse chimachoka mu dongosolo lomwe chinabwera nalo. Madzi a padziwe amaonetsa zonse ziwiri. Kukakhala bata, mitengo ndi mitambo zimaoneka bwinobwino m'madzimo. Kamphepo kakangodutsa, chithunzi chija chimasweka tizidutswatizidutswa.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichilabadira: chimene chimabweza kuwala pa kalilole si galasi ayi, koma kachitsulo kopyapyala kamene anamata kuseri kwake. Gunditsani nsonga ya pensulo pa kalilole. Muona kuti nsongayo ndi chithunzi chake sizikukhudzana, pali kampata. Kampatako kakuchokera ku kukhuthala kwa galasi. Mu zitsulo monga siliva ndi aluminiyamu muli maelekitironi omasuka, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, amene amagwedezeka kuwala kukawagunda, n'kutumiza kuwalako kubwerera kunja mmalo mokulola kulowa. Siliva amabweza kuwala kopitirira 95 peresenti, aluminiyamu pafupifupi 90 peresenti. Galasi palokha limabweza pafupifupi 4 peresenti pankhope iliyonse, kotsalako kumadutsa. N'chifukwa chake masana mumaona panja kudzera pawindo, koma usiku nyali ikayaka m'nyumba windo lomwelo limakuonetsani nkhope yanu. Kachithunzi kofooka kaja kanalipo ndi masana omwe, kungoti kuwala kwa panja kumakaphimba.

Anthu anavutika nthawi yaitali kuti apeze malo osalala chonchi. Ku Çatalhöyük, m'dziko limene lero ndi Turkey, anafukula akalilole a mwala wakuda wochokera m'mapiri ophulika, opukutidwa zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. Ku Egypt ankapukuta mkuwa. M'zaka za m'ma 1500 amisiri a pachilumba cha Murano ku Venice anatchuka ndi luso lomata chitsulo cha tini chosakaniza ndi mercury (chitsulo chamadzimadzi) kuseri kwa galasi, ntchito imene inkadwalitsa amisiriwo chifukwa mercury ndi poizoni. Akalilole anali katundu wa mafumu ndi anthu olemera, moti chipinda cha akalilole 357 cha m'nyumba yachifumu ya ku Versailles ku France, chimene chinatha kumangidwa mu 1684, chinali njira yoonetsera chuma. Zinthu zinasintha Justus von Liebig wa ku Germany atapeza, mu 1835, njira yomatira siliva pagalasi pogwiritsa ntchito mankhwala amadzimadzi.

Tsono chithunzi chija chili kuti? Kuseri kwa kalilole kuli khoma basi. Kuwala kochokera pamphuno yanu kwagunda pa kalilole, kwakhota, kwalowa m'diso. Koma ubongo sudziwa zoti kuwalako kwakhota panjira. Umangotsatira mzere wowongoka kubwerera kumene kuwalako kukuoneka kuti kwachokera, ndipo mizereyo imakakumana kuseri kwa kalilole, pa mtunda wofanana ndendende ndi umene mphuno yanu ili patsogolo pake. Mukaima mita imodzi kuchokera pa kalilole, chithunzi chanu chili mita imodzi kuseri, kutanthauza mamita awiri kuchokera pamene mwaima. Kalilole amakhala pakatikati nthawi zonse.

Mfundo imeneyi ili ndi zotsatira zimene munthu savomereza mpaka atayesa yekha. Kalilole akachita nthunzi mukatha kusamba, tsekani diso limodzi, mulembe ndi chala mzere pamene pakuthera tsitsi ndi wina pamene pakuthera chibwano. Kenako muyeze. Mupeza kuti nkhope imene imaoneka yodzaza kalilole yangotenga theka la kutalika kwa nkhope yanu yeniyeni. Chimodzimodzi thupi lonse: munthu wotalika masentimita 170 amafunika kalilole wa masentimita 85 okha kuti adzione kuyambira kumutu mpaka kuphazi, bola amupachike pamalo oyenera. Ndipo kubwerera m'mbuyo sikuthandiza. Ngati kalilole wopachikidwa mowongoka akukudulani m'maondo muli pafupi, adzakudulanibe m'maondo mutaima kumapeto kwa chipinda.

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Tisiye kaye mawu oti kumanja ndi kumanzere, chifukwa mawuwa amayenda ndi thupi la munthu, mukatembenuka nawonso amatembenuka. Tigwiritse ntchito mbali zimene sizisuntha. Tinene kuti kalilole ali pakhoma lakumpoto, inu mwayang'ana kumpotoko. Lozani kum'mawa. Chithunzi chikuloza kum'mawa. Lozani kumadzulo, nachonso chikuloza kumadzulo. Lozani kudenga, chikuloza kudenga. Mpaka pano palibe chatembenuka. Dzanja lovala wotchi lili kum'mawa, ndipo wotchi ya m'chithunzi ili kum'mawa komweko. Tsopano lozani kutsogolo, kumpoto, kumene kuli kaliloleyo. Chala cha m'chithunzi chikuloza kummwera, chikuloza inu. Apa ndiye pamene pagona nkhani yonse. Kalilole amatembenuza mbali imodzi yokha, yolowera mwa iye ndi yotulukira. Amasinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Mphuno yanu, imene ili pafupi naye, m'chithunzi ili pafupi naye. Nkhongo, imene ili kutali, m'chithunzi ili kutali mkati. Zili ngati wina wakankha nkhope yanu kudutsa m'mutu mpaka yakatulukira kunkhongo, popanda kusuntha khutu lililonse pamalo pake. Golovesi la kudzanja lamanja mukalivula molitembenuza kunja kukhala mkati, limakwana kudzanja lamanzere, chonsecho chala chachikulu sichinasamuke mbali. Ndi zimene kalilole amachita.

Umboni wake ndi wosavuta. Ikani kalilole pansi n'kuima pambali pake, kapena yang'anani phiri m'madzi abata. Tsopano mbali yolowera mwa kalilole ndi yopita pansi, ndipo taonani, chithunzi chazondoka, nsonga ya phiri yaloza pansi. Kalilole yemweyo amene timati sazondotsa zinthu wazondotsa.

Nanga maganizo oti kumanja kwasanduka kumanzere amachokera kuti? Amachokera m'mutu mwathu. Moyo wathu wonse, munthu akatiyang'ana maso ndi maso ndiye kuti watembenuka ali chiimire, ndipo dzanja lake lamanja lili mbali ya dzanja lathu lamanzere. Tikaona munthu mu kalilole, ubongo umachita zomwe unazolowera: umatinyamula, kutizungulitsa kuseri kwa kalilole, n'kutiimika m'malo mwa chithunzicho. Ndipo popeza thupi la munthu mbali zake ziwiri n'zofanana kwambiri, timakwanamo bwino, kupatula kuti wotchi yapezeka padzanja lolakwika. Pamenepo timaloza chala kalilole. Koma amene watembenuka ndi ife. Pali njira inanso yoyang'anira kumbuyo, yomwe ndi kupidiguka n'kuima ndi mutu. Tikanakhala zolengedwa zotembenuka mwa njira imeneyo, bwenzi dzanja lovala wotchi likugwirizana bwinobwino ndi la m'chithunzi, ndipo bwenzi tikudandaula kuti kalilole amasinthanitsa mutu ndi mapazi.

Malemba ndi amene amatsimikizira bwino zimenezi, ndipo ndikulimbikitsani kuti muyese ndi manja anu. Lembani dzina lanu papepala. Kuti kalilole alione, muyenera kutembenuza pepalalo, ndipo mosaganiza n'komwe mumalitembenuza cham'mbali monga mmene timatsegulira tsamba la buku. Chilembo choyamba, chomwe chinali kumanzere kwanu, mwachipititsa nokha kumanja kalilole asanachite kalikonse. Bwerezani, koma ulendo uno mulitembenuze chopidigula, m'munsi mupite pamwamba. Mu kalilole dzinalo lazondoka, koma chilembo choyamba chikadali kumanzere. Kenako lembani dzinalo papulasitiki yoonekera mkati, muigwire patsogolo panu osaitembenuza. Papulasitikipo mukuwerenga bwinobwino, ndipo mu kalilole mukuwerenganso bwinobwino. Mawu olembedwa chafutambuyo kutsogolo kwa ambulansi amatsata nzeru yomweyi. Galimotoyo ili kumbuyo kwanu, yayang'ana komwe mwayang'ana, ngati pepala lotembenuzidwa kale. Analemba mobwerera kuti dalaivala woyang'ana pagalasi loonera kumbuyo awerenge mosavuta.

Mukafuna kudziona mmene anthu ena amakuonerani, tengani akalilole awiri, muwagunditse m'mbali kuti apange ngodya ya madigiri 90 ngati makoma awiri a chipinda, n'kuyang'ana pamene akumanirana. Kuwala kumagunda woyamba, kenako wachiwiri, kusanafike m'diso. Kutembenuza kuwiriko kukaphatikizana kumafanana ndi kuzungulira kwenikweni kwa munthu amene wakutembenukirani. Malemba a pamalaya amawerengeka. Mukakweza dzanja lamanja, dzanja limene likukwera lili mbali inayo. Yesani kupesa tsitsi pamenepo, muona dzanja likusochera. Nkhope imene mukuionayo imaoneka yachilendo pang'ono, chifukwa palibe nkhope imene mbali zake ziwiri n'zofanana ndendende, ndipo inu munazolowera ya mu kalilole pamene anzanu anazolowera inayo. N'chifukwa chake anthu ambiri sakhutira ndi zithunzi zawo zojambulidwa pomwe anzawo akuti zaoneka bwino, ndipo n'chifukwa chakenso mafoni ambiri amaonetsa nkhope ngati kalilole pamene munthu akudzijambula.

Mukawonjezera kalilole wachitatu pansi, kuti atatuwo akumane ngati pangodya ya bokosi, kuwala kulikonse kolowa pamenepo kumabwerera kumene kwachokera, kaya kwalowa mopendekeka bwanji. Tizinthu tofiira tonyezimira kumbuyo kwa njinga tili ndi tingodya totere tambirimbiri. Mu July 1969 a chombo cha Apollo 11 anasiya pamwezi chipangizo chokhala ndi tingodya 100 ta mtundu umenewu. Mpaka lero asayansi amawombera kuwala kwa laser kumeneko n'kuwerenga nthawi imene kumatenga kuti kubwerere, pafupifupi masekondi awiri ndi theka. Ndi mmene anadziwira kuti mwezi ukutalikira dziko ndi masentimita 3.8 chaka chilichonse.

Akalilole opindika ndi nkhani ina, koma lamulo ndi lomwe lija. Kunja kwa supuni kumamwaza kuwala, choncho nkhope imaoneka yaing'ono koma yoimirira, ndipo malo ambiri amakwana m'kachithunzi kamodzi, monga zimakhalira ndi magalasi a m'mbali mwa galimoto. Mkati mwa supuni kuwala kumasonkhana pamalo amodzi n'kupingasana, kochokera pamwamba kupita pansi, kochokera kum'mawa kupita kumadzulo. Apa ndiye chithunzi chimazondokadi. Luso losonkhanitsa kuwala chonchi ndi limene Isaac Newton anagwiritsa ntchito pa telesikopu yake ya mu 1668, ndipo ndi lomwenso lili pa telesikopu ya James Webb, imene inaulutsidwa mu 2021 ndi kalilole wa mamita 6.5 wokutidwa ndi golide.

Komabe ndisakusiyeni ndi maganizo oti zonse n'zongopeka za ubongo. Pali chinthu chenicheni chimene kalilole wafulati amasintha. Dzanja limene mukuliona mu kalilole mukakweza lamanja lili ndi maonekedwe a dzanja lamanzere, ndipo palibe mmene mungazungulitsire dzanja lamanja kuti likhale lamanzere. Katswiri wa filosofi Immanuel Kant anasinkhasinkha za zimenezi mu 1768: manja awiri ofanana pa muyezo uliwonse, koma osatheka kulowa m'golovesi limodzi. Yang'anani bauti mu kalilole, mazinga ake apota mobwerera, ndipo bauti yotero itakhalapo singalowe mu nati wamba. Kutembenuza mbali imodzi yokha, kaya ndi iti mwa zitatu zija, kumasandutsa chinthu kukhala mnzake wa dzanja linalo. Mpira kapena kapu yopanda chogwirira sizisintha, chifukwa zilibe dzanja.

Chilengedwe chimasamala kwambiri za kusiyana kumeneku. Mu 1848 Louis Pasteur, akuyang'ana timibulu ta mchere wa tartaric acid (asidi wopezeka mu mphesa) pa maikulosikopu, anaona kuti tilipo ta mitundu iwiri, wina chithunzi cha mu kalilole cha unzake. Anatisankhula kamodzikamodzi ndi kopanira, n'kupeza kuti mitundu iwiriyo ikasungunulidwa imapotoza kuwala mbali zosiyana. Apa m'pamene panayambira kudziwika kuti mamolekyu, timagulu ta maatomu olumikizana, nawonso ali ndi manja. Molekyu yotchedwa carvone ya dzanja limodzi imanunkhira ngati masamba a chomera cha spearmint, ya dzanja linalo ngati njere zokometsera zakudya za caraway, chonsecho maatomu ake ndi omwewo. Ma amino acid amene amamanga mapuloteni m'thupi mwathu ndi a dzanja limodzi lokha, ndipo DNA imapota ngati bauti wamba. Munthu wa mu kalilole uja atati atuluke, mtima wake ungakhale kumanja, ndipo zakudya zathu zambiri thupi lake silingathe kuzigwiritsa ntchito.

Ngakhale zinali choncho, akatswiri a fizikisi ankakhulupirira kuti malamulo enieni a chilengedwe sakondera dzanja. Ankati chilichonse chimene mungaone mu kalilole chingathenso kuchitika kunja kuno, mutangomanga zipangizo zake mobwerera. Mu 1956 Tsung-Dao Lee ndi Chen Ning Yang anaona kuti palibe amene anayesapo zimenezi pa mphamvu imene imachititsa kuti mitima ya maatomu ena isweke n'kutulutsa maelekitironi. Amene anayesa ndi mayi Chien-Shiung Wu wa pa Columbia University, mogwirizana ndi asayansi a ku National Bureau of Standards ku Washington, kumapeto kwa 1956 ndi kumayambiriro kwa 1957. Anatenga cobalt-60, mtundu wa chitsulo cha cobalt umene mitima ya maatomu ake imasweka motero, n'kumuziziritsa mpaka pafupi ndi malire a kuzizira konse, kenako anagwiritsa ntchito maginito kuti mitima ya maatomuwo izizungulira mofanana, ngati nguli zambirimbiri zoimirira zozungulira mbali imodzi. Funso linali lakuti maelekitironi azitulukira kuti, kumwamba kapena pansi.

Ikani kalilole pambali pa nguli yozungulira. Mu kalilole ikuzungulira mobwerera, koma kumwamba kukadali kumwamba ndipo pansi pakadali pansi. Choncho chilengedwe chikanakhala chosakondera, maelekitironi akanayenera kutuluka mofanana mbali zonse ziwiri, kuti chithunzi ndi chenicheni zisasiyane. Wu anapeza kuti ambiri amatulukira mbali imodzi, ndipo mbaliyo imadalira kumene mtima wa atomu ukuzungulirira. Akatembenuza maginito, maelekitironi nawonso ankatembenukira mbali inayo. Cobalt wa mu kalilole, wozungulira mobwerera koma n'kumaponyabe maelekitironi mbali yomwe ija, ndi chinthu chimene sichichitika kunja kuno. Lee ndi Yang analandira mphoto ya Nobel chaka chomwecho cha 1957. Dzina la Wu, amene manja ake anagwira ntchitoyo, silinalembedwe nawo pa mphotoyo.